Journal Citation Reports: Zimene Ndaona Poigwiritsa Ntchito Posankha Magazini ndi Poweruza Anthu

Chaka chilichonse m'mwezi wa June kampani ya Clarivate imatulutsa Journal Citation Reports, lipoti la ziwerengero zosonyeza mmene magazini a kafukufuku amatchulidwira m'zolemba za ofufuza, limene ambiri amangolitchula kuti JCR, ndipo tsiku lisanathe akonzi a magazini a kafukufuku amayamba kulengeza pa intaneti kuti nambala yawo yakwera. Nambala imeneyi ndi Journal Impact Factor. Ndakhala ndikutsegula JCR kwa zaka zambiri, poyamba pothandiza laibulale ya yunivesite kusankha magazini oyenera kuwalipirira, ndipo pambuyo pake ndili m'komiti younika aphunzitsi ofuna kukwezedwa pantchito. Pa ntchito yoyambayo inandithandiza kwambiri, moti ndingauze aliyense amene ali ndi udindo wotere kuti aziigwiritsa ntchito. Pa ntchito yachiwiriyo ndinaiona ikupweteketsa anthu, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti umboni woti sitinkayenera kuigwiritsa ntchito motero unali pa tsamba lomwelo limene tinkakoperapo nambalayo.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Eugene Garfield, yemwe mu 1955 analemba m'magazini ya Science kuti pakufunika kaundula wosonyeza mapepala amene atchula pepala lililonse la kafukufuku. Iye anakhazikitsa bungwe la Institute for Scientific Information mumzinda wa Philadelphia, ndipo pamodzi ndi Irving Sher anakonza kawerengedwe ka Impact Factor pofuna kudziwa magazini oyenera kulowa m'kaundula wawo wa Science Citation Index. Vuto lawo linali lakuti akangowerenga maulendo onse amene magazini yatchulidwa, magazini osindikiza mapepala ambirimbiri ankaphimba magazini ang'onoang'ono koma ofunika. JCR yoyamba inatuluka mu 1975, bungweli linagulidwa ndi kampani ya Thomson mu 1992, ndipo kuyambira mu 2016 ntchitoyi ili m'manja mwa Clarivate. Mbiri imeneyi ndaifotokoza chifukwa ikusonyeza kuti chida chimenechi anachipangira ntchito yosankha magazini, ndipo palibe pamene anachikonza kuti chiziyeza pepala limodzi kapena munthu amene walilemba.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Kuti apeze nambala ya chaka cha 2024, amawerenga maulendo amene zinthu zosindikizidwa m'magaziniyo mu 2022 ndi 2023 zatchulidwa m'chaka cha 2024, kenaka n'kugawa ndi chiwerengero cha mapepala a kafukufuku ndi mapepala ounika ntchito za ena amene anatuluka m'zaka ziwirizo. Tiyerekeze kuti magazini inasindikiza mapepala 200 ndipo anatchulidwa maulendo 600. Nambala yake ikhala 3.0. Ndi avereji chabe, ndipo ubwino wake ndi zofooka zake zonse zimachokera pamenepo.

Tsamba la magazini iliyonse m'JCR ya masiku ano ndi lolemera kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, chifukwa ambiriwo amangoona nambala imodzi imene wosindikiza waikopera pa webusaiti yake. Munthu akatsegula tsamba lenilenilo amapeza mndandanda wa mapepala onse amene analowa m'chiwerengerocho, lililonse ndi maulendo amene latchulidwa. Amapezanso nambala ina imene achotsamo maulendo amene magaziniyo yadzitchula yokha, ina yowerengera zaka zisanu m'malo mwa ziwiri, malo amene magaziniyo ili pakati pa inzake ya phunziro lomwelo, ndiponso mayina a magazini amene amaitchula kawirikawiri. Kwa ine wothandiza laibulale, mndandanda womalizawu unali wamtengo wapatali. Ndalama zolipirira magazini zikachepa, ndipo palibe chaka chimene zinakwanira, ndinkatha kuona ngati magazini imene dipatimenti ina ikuiumirira imawerengedwadi ndi anthu a phunzirolo, kapena ngati imangozungulira pakati pa magazini awiri atatu a wosindikiza mmodzi. Muyeso wotchedwa cited half-life, umene umasonyeza ngati anthu amatchula mapepala atsopano okha kapena amabwererabe ku akale, unatithandiza kudziwa magazini amene tinayenera kusunga makope ake akale. Zonsezi zimatheka kuzitsitsa n'kuziika mu Excel popanda vuto, ndipo tsambalo silichedwa kutseguka.

Kale zinthu sizinali poyera chotere. Mu 2007 akonzi a Journal of Cell Biology ndi anzawo a ku Rockefeller University Press anadandaula poyera kuti anagula ziwerengero kwa eni ake a JCR koma analephera kupeza nambala yofanana ndi imene inasindikizidwa. Kuyambira mu 2018, pamene tsamba la magazini linayamba kusonyeza pepala lililonse palokha, dandaulo limeneli linachepa mphamvu, ndipo Clarivate iyenera kuyamikiridwa pa zimenezi. Chinanso chimene anachita bwino ndi cha mu 2023, pamene anasiya kulemba nambalayi ndi manambala atatu kuseri kwa kadontho n'kuyamba kulemba imodzi yokha. Kwa zaka zambiri anthu ankakangana ngati magazini ya 2.417 iposa ya 2.398, pamene kusiyana kotereku kungabwere chifukwa cha mapepala awiri atatu olembedwa molakwika pa mndandanda wa mabuku.

Koma chinthu chofunika koposa pa tsamba lonselo ndi chithunzi cha mizati chosonyeza mmene kutchulidwako kwagawikira pakati pa mapepala. Pafupifupi magazini iliyonse imene ndatsegula imaonetsa chithunzi cha maonekedwe amodzimodzi: mizati yaitali yadzadzana kumanzere, kumene kuli mapepala osatchulidwa n'komwe kapena otchulidwa kamodzi kawiri, kenaka imafupika mofulumira, ndipo kumanja kwenikweni kumatsala timizati tochepa totalikirana, toimira mapepala owerengeka amene atchulidwa kambirimbiri. Timizati tochepato ndi timene timakokera avereji m'mwamba. Pambali pa chithunzicho JCR imalemba nambala ya pepala la pakatikati, ndiye kuti limene theka la mapepala lili pamwamba pake ndipo theka lina lili pansi pake, ndipo nambala imeneyi kawirikawiri imakhala yotsika poiyerekeza ndi Impact Factor. Zimenezi zinadziwika kale. Per Seglen anasonyeza m'magazini ya BMJ mu 1997 kuti mapepala 15 pa 100 alionse ndi amene amabweretsa theka la kutchulidwa konse, ndipo theka la mapepala limabweretsa pafupifupi magawo 90 pa 100. Magazini ya Nature inadziwerengera yokha mu 2005 n'kupeza kuti magawo 89 pa 100 a kutchulidwa kwake anachokera ku gawo limodzi mwa magawo anayi a mapepala ake. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akandiuza kuti pepala lake lili m'magazini ya nambala 10, sanandiuze kuti pepala lakelo latchulidwa maulendo 10, ndipo n'zotheka kwambiri kuti silinafikepo.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza anzanga ndi cha magazini ya Acta Crystallographica Section A. Nambala yake inali 2.051 mu 2008, koma chaka chotsatira inafika 49.926, n'kupitirira ngakhale Nature ndi Science. Chimene chinachitika n'chakuti George Sheldrick anasindikizamo pepala lofotokoza mbiri ya pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa SHELX, imene akatswiri ofufuza kapangidwe ka makristalo amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense woigwiritsa ntchito anayamba kutchula pepala limenelo. Zaka ziwiri zowerengera zitadutsa, nambalayo inabwerera kumene inali. Panalibe chinyengo chilichonse, ndipo JCR inawerenga molondola. Koma aliyense amene anasindikiza m'magazini imeneyi pa nthawiyo akanaoneka ngati katswiri woposa anzake maulendo oposa 20 pa fomu iliyonse yoweruza munthu potengera nambala ya magazini.

Fomu yotere ndinaigwirapo ndi manja anga. M'komiti imene ndinalimo tinkapatsidwa tebulo lokhala ndi dzina la wopempha kukwezedwa, mayina a mapepala ake, ndi danga lomalizira lolembamo Impact Factor ya magazini iliyonse, ndipo mapointi ankachokera m'danga limenelo. Tsiku lina tinali ndi anthu awiri opikisana pa malo amodzi. Woyamba anali ndi mapepala awiri m'magazini otchuka, ndipo pa mapepala onse awiri dzina lake linali pakati pa mndandanda wautali wa olemba. Wachiwiri, mayi amene anatha zaka zingapo akutsata funso limodzi lovuta, anali ndi mapepala anayi m'magazini yaing'ono ya phunziro lake, onse olembedwa ndi iye mwini pamodzi ndi ophunzira ake. Usiku woti mawa tikumana ndinatsegula Web of Science, kaundula wa mapepala a kafukufuku amenenso ndi wa Clarivate, kuti ndione mapepalawo limodzi ndi limodzi, ndipo ndinapeza kuti limodzi mwa mapepala a mayiyo linali litatchulidwa koposa mapepala awiri a mnzakeyo kuwaphatikiza. Ndinasindikiza chithunzi cha mizati cha magazini onse n'kupita nacho ku msonkhano. Wapampando anachiyang'ana mofatsa, anavomera kuti n'zoona, kenaka anati, “Zamveka, koma malamulo athu akuti tiwerenge nambala ya magazini, ndipo sitingasinthe lero.” Mayiyo sanakwezedwe chaka chimenecho. Nditafunsa kuti ndi angati mwa ife amene anawerenga ngakhale pepala limodzi la anthu awiriwo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, panalibe amene anayankha, ndipo inenso ndinali nditangowerenga chidule cha pamwamba.

Kuyerekeza magazini a maphunziro osiyana ndi vuto linanso lalikulu. Akatswiri a sayansi ya maselo amatchula mapepala ambiri ndipo amawatchula msanga, pamene pepala la masamu likhoza kudikira zaka zisanu kapena khumi lisanayambe kugwiritsidwa ntchito, motero zaka ziwiri zowerengerazo zimatha lisanaonekere n'komwe. Magazini osindikiza mapepala ounika ntchito za ena amakwera kuposa osindikiza zofufuza zatsopano. Magazini ya CA: A Cancer Journal for Clinicians inafika 508.702 pa nambala ya 2020, makamaka chifukwa imasindikiza mapepala ochepa, ena mwa iwo a ziwerengero za khansa zimene ofufuza ambiri a matendawa amayambira pofotokoza ntchito yawo. Mliri wa COVID-19 unakweza The Lancet kufika 202.731 pa nambala ya 2021, n'kupitirira New England Journal of Medicine. Magazini yabwino kwambiri ya masamu singayandikire n'komwe manambala amenewa. Pofuna kuchepetsa vutoli, Clarivate inawonjezera mu 2021 muyeso wotchedwa Journal Citation Indicator, umene umayerekeza magazini ndi inzake ya phunziro lomwelo ndipo 1.0 amaimira avereji. Ndi muyeso wachilungamo pang'ono kuposa unzakewo, ngakhale kuti nawonso ndi avereji, koma sindinaonepo komiti imene inaufunsa.

Pali cholakwika chimodzi chimene chili m'kawerengedwe kenikeniko, ndipo ichi sindingachikankhire kwa ogwiritsa ntchito. Pa kugawa kuja, nambala ya pamwamba, imene imagawidwa, imawerenga kutchulidwa kwa chilichonse chosindikizidwa m'magaziniyo, kuphatikizapo ndemanga za mkonzi, makalata ndi nkhani zazifupi, pamene nambala ya pansi, imene amagawira, imawerenga mapepala okhawo amene Clarivate yawaika m'gulu la owerengedwa. Magazini yokhala ndi ndemanga ndi makalata ambiri imapezerapo kutchulidwa kwaulere. Akonzi a PLoS Medicine analemba mu 2006 kuti nambala yawo ikanatha kukhala pansi pa 3 kapena kufika 11 malinga ndi zimene zikanalowetsedwa m'nambala ya pansiyo. Muyeso umene ungasinthe chotere chifukwa cha kagawidwe ka zinthu m'magulu uyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala kwambiri.

Nambala ikayamba kubweretsa ndalama ndi maudindo, anthu amapeza njira zoikwezera. Wophunzira wina wa digiri ya udokotala wa maphunziro (PhD) anandionetsa kalata imene mkonzi wa magazini ina anamulembera pepala lake litatsala pang'ono kuvomerezedwa. Kalatayo inali yaulemu, koma kumapeto kwake kunali mayina a mapepala asanu ndi limodzi a m'magazini yomweyo, onse a zaka ziwiri zapitazo, ndi pempho loti awatchule. Panalibe ngakhale limodzi logwirizana ndi ntchito yake. Anandifunsa chochita, ndipo ndinamuuza kuti angakane, koma ndinkadziwa kuti ndikuuza munthu amene akufunika pepala limenelo kuti amalize sukulu. Zoterezi si zachilendo. Allen Wilhite ndi Eric Fong anafunsa ofufuza zikwi zingapo a zachuma, zamalonda, za chikhalidwe cha anthu ndi za kaganizidwe, ndipo analemba mu Science mu 2012 kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anakakamizidwapo chotere. Mu 2013 magazini anayi a zachipatala a ku Brazil anachotsedwa m'JCR zitadziwika kuti akonzi ake anagwirizana kusindikiza mapepala otchulana okhaokha, ndipo mmodzi mwa akonziwo anafotokoza kuti anachita zimenezi chifukwa bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dzikolo linkaweruza mapulogalamu a maphunziro a m'mayunivesite potengera Impact Factor, moti ofufuza ankathawa magazini a kwawo. Ku China mayunivesite ambiri ankapereka ndalama kwa wofufuza malinga ndi magazini imene wasindikizamo, mpaka boma linaletsa mchitidwewu mu 2020. Clarivate imagwira ntchito yooneka polimbana ndi zimenezi: chaka chilichonse imabisa nambala ya magazini amene adzitchula mopyola muyeso kapena amene akutchulana mokayikitsa, ndipo kuyambira mu 2025 sikuwerenganso kutchulidwa kokhudza mapepala amene anachotsedwa chifukwa cha zolakwika kapena chinyengo. Komabe imagwira okhawo amene achita moonekeratu. Mkonzi wopempha mapepala asanu ndi limodzi kwa wophunzira mmodzi saoneka m'ziwerengero zilizonse.

JCR imawerenga magazini okhawo amene ali m'kaundula wa Web of Science, ndipo kaundulayu wadzaza ndi magazini a Chingerezi ochokera ku Ulaya ndi ku North America. Magazini ambiri amene amapezeka pa mawebusaiti osonkhanitsa magazini monga SciELO kapena African Journals Online mulibemo, ngakhale kuti ena mwa iwo ndi amene amasindikiza za matenda, mbewu ndi malamulo a madera amene akutumikira. Akatswiri a mbiri yakale ndi a zinenero amaika ntchito yawo yaikulu m'mabuku, ndipo buku lilibe Impact Factor. Mu 2023 Clarivate inapereka nambalayi kwa magazini ena zikwi zingapo amene kale analibe, kuphatikizapo a zaluso ndi a chikhalidwe, ndipo zimenezi zinathandiza pang'ono. Koma kusapezeka m'JCR si umboni woti magazini ndi yachabechabe. Ngakhale eLife, magazini yolemekezeka ya sayansi ya zamoyo, inauzidwa kumapeto kwa 2024 kuti sidzalandiranso nambalayi chifukwa inayamba kusindikiza mapepala pamodzi ndi ndemanga za ounika popanda kugamula kuti avomerezedwa kapena akanidwa.

JCR si yaulere. Imalipiridwa ndi bungwe chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu amene akuweruzidwa ndi nambalayi nthawi zambiri sangathe kutsegula tsamba limene likanamuteteza ngati yunivesite yake sinalipire. Amangoona nambala yokhayo pa webusaiti ya wosindikiza, popanda chithunzi cha mizati chija. Mpata umenewu ndi umene amalowerapo anthu opanga manambala abodza a mayina ofanana ndi Impact Factor, n'kumawagulitsa kwa magazini ongofuna ndalama za olemba. Wokayikira angayang'ane pa Master Journal List ya Clarivate, imene ndi yaulere, kuti aone ngati magaziniyo ilidi m'kaundula. Palinso miyeso ina yosalipiritsa. CiteScore ya Elsevier, imene inayamba mu 2016, imachokera m'kaundula wa Scopus ndipo tsopano imawerenga zaka zinayi, ngakhale munthu ayenera kukumbukira kuti Elsevier ndi wosindikizanso magazini ambiri amene akuyezedwawo. SCImago Journal Rank imapereka mphamvu zambiri ku kutchulidwa kochokera m'magazini otchulidwa kwambiri, ndipo SNIP, yokonzedwa ku yunivesite ya Leiden, imaganizira kusiyana kwa maphunziro. Yonseyi imayeza magazini, choncho kuisinthanitsa ndi Impact Factor m'danga lomaliza la tebulo lija sikungasinthe chilichonse kwa munthu woweruzidwayo.

Chenjezo limeneli lakhala likuperekedwa kwa nthawi yaitali. Garfield mwiniwake analemba kangapo kuti nambala ya magazini isalowe m'malo mwa kuunika pepala lenilenilo. Mu December 2012 akonzi ndi ofufuza amene anakumana ku San Francisco pa msonkhano wa American Society for Cell Biology analemba chikalata chimene chimadziwika kuti DORA, chopempha kuti Impact Factor isagwiritsidwe ntchito polemba anthu ntchito, powakweza kapena popereka ndalama za kafukufuku. Mu 2015 Diana Hicks, Paul Wouters ndi anzawo anasindikiza mu Nature mfundo khumi za Leiden Manifesto, ndipo yoyamba imati ziwerengero zizithandizira chiweruzo cha akatswiri. Yunivesite ya Utrecht inalengeza mu 2021 kuti yasiya kuigwiritsa ntchito poweruza antchito ake. Clarivate nayonso imanena zomwezi m'zolemba zake. Dandaulo langa kwa kampaniyi n'lakuti chenjezo lake limamveka motsika poyerekeza ndi nambalayo, imene imakhala pamalo oonekera kwambiri pa tsamba ndipo ndi imene imalengezedwa mu June. Ndikanakonda kuti paliponse pamene Impact Factor yalembedwa, nambala ya pepala la pakatikati izikhala pambali pake ndi zilembo za msinkhu womwewo, ndiponso kuti chithunzi cha mizati chizionedwa ndi aliyense popanda kulipira.

Wosankha magazini a laibulale, mkonzi wofuna kudziwa amene amawerenga magazini yake, ndi wofufuza amene akuyerekeza magazini atatu a phunziro limodzi asanatumize pepala adzapeza m'JCR zinthu zoyenera ndalama zimene bungwe lawo lalipira, makamaka akatsika m'munsi mwa tsamba. Ine ndimaitsegulabe pafupifupi sabata iliyonse. Koma komiti ikandipempha Impact Factor ya magazini imene munthu wasindikizamo, tsopano ndimatumiza nambalayo pamodzi ndi chithunzi cha mizati, kutchulidwa kwa pepala lenileni la munthuyo, ndi makope a mapepala atatu amene iye mwini wasankha kuti ndi ofunika koposa, ndipo ndimapempha kuti msonkhano usachitike mpaka anthu awiri a m'komitimo atawawerenga. Ulendo woyamba umene pempho limeneli linavomerezedwa, msonkhano unachedwa ndi milungu iwiri, ndipo titakumana tinatha pafupifupi ola lathunthu tikukambirana ngati njira imene wofufuzayo anasankhira anthu oti awafunse inali yokwanira kuyankha funso lake.